Dzina Limene Apongozi Anakana

Ulembi wa mphakati wathu ndinaugwira zaka zambiri, ndipo ndinkaukonda kuposa mmene munthu ayenera kukondera udindo wopanda malipiro. Mphakati wathu ndi wa mabanja a Chikatolika oyandikana nyumba, ndipo timakumana Lachinayi kupemphera ndi kukambirana za odwala, za maliro ndi zina za mpingo. Anandisankha chifukwa cha dzanja. Sukulu sindinapite nayo patali, ndinalekeza Fomu 2, koma zilembo zanga zimaima chilili, ndipo sindilemba mutu wa nkhani osajambula mzere pansi pake. Kumudzi kuno, kuseri kwa Nsaru, ndine mkamwini, kwathu ndi ku Mpingu. Mkamwini salankhula kwambiri pamudzi pa eni ake. Choncho kope la mphakati lija ndi limene linkandipatsa pokhala, ndipo ndikalikwapatira ndinkayenda ngati ndinabadwira konkuno. Munthu akachedwa pamsonkhano ndinkayang'ana wotchi mokuti aone, ngakhale wotchiyo inkaima masiku ena.

Apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, nyumba yawo inali kuseri kwa chigafa changa cha fodya. Tinkapatsana ulemu wachipongozi uja wakale. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira kutchire n'kunjuta, ine n'kuvula chipewa, moni n'kumapatsana aliyense atayang'ana kwake. Akafuna kundiuza kanthu ankatuma mwana wawo, ine ndikafuna kuwauza kanthu ndinkatuma yemweyo. Zaka zonsezo nkhope yawo ndinkaidziwa cham'mbali basi. Wina akanandifunsa kuti maso awo ndi otani, sindikanayankha.

Iwo anabatizidwa ali mtsikana, koma anakwatiwa pamitala ngati mkazi wachiwiri, ndipo kuyambira pamenepo Ukaristia sanalandirenso. Lamulo la mpingo ndi lomwelo, aliyense amalidziwa. Akuluakulu a mpingo ankawauza kuti akasiya banjalo abwerera ku masakramenti. Iwo ankangoti, "Ndamva," n'kupita kukaphikira amuna awo, amene pofika nthawi imeneyo anali nkhalamba yosaona, yoyenda ndi ndodo pakati pa nyumba ziwiri. Apongoziwo anauzapo mwana wawo kuti munthu amene adya naye zaka zonsezi sangamuthamangitse lero poti maso atha.

Anthu otere tinali nalo dzina lawo. Tinkawatcha akhristu ogwa. Kumapeto kwa kope langa kunali tsamba lawo, mutu wake "Ogwa", mzere wowongoka pansi pake, ndipo dzina loyamba linali la apongozi anga. Ndinalemba ndine.

Chonsecho Lamulungu lililonse woyamba kufika kutchalitchi chathu chaching'ono anali iwo, tsache lili m'manja. Ankasesa, n'kukhala pa benchi yomaliza, pafupi ndi khomo. Wansembe amabwera kwathu mwa apo ndi apo, ndipo tsiku la Misa, ikakwana nthawi yolandira, amayi a makanda ankamasula ana kumbuyo n'kuwasiya pamiyendo pa apongozi, kuti apite kutsogolo manja ali opanda kanthu. Nthawi zina ankakhala ndi ana atatu, wina pamiyendo, wina paphewa, wina akuwakoka mpango. Pamaliro nyimbo ankayambitsa ndi iwo. Zonsezi ndinkaziona, koma m'kope mwanga munalibe tsamba lolembapo zoterozo.

Chaka china, titangomaliza kukumba mtedza, akatekisiti athu anawerenga kalata yochokera ku parishi. Akatekisitiwo ndi bambo wofatsa, wolankhula pang'onopang'ono, amene amatitsogolera mapemphero wansembe akakhala palibe. Kalatayo inati Papa akufuna kumva maganizo a mkhristu aliyense pa za mmene mpingo uziyendera kutsogoloku, ndipo zimenezi zikutchedwa sinodi. Anthu anayang'anana. Kuno mawu akuti sinodi timawamvera kwa anzathu Achipresibateria, moti bambo wina anafunsa ngati tsopano taphatikizana nawo. Akatekisiti anaseka, n'kuti tanthauzo lake ndi kuyendera limodzi. Kenako anatsindika mfundo imodzi.

"Muitane aliyense," anatero. "Olandira, osalandira, amene anasiya kubwera, onse. Ndipo inu alembi, mulembe zimene munthu wanena, mmene wanenera. Musakonze."

Ndinagwedeza mutu mwamphamvu kuti anthu aone kuti mawuwo akupita kwa ine.

Tinakumana Lachinayi masana pakhonde pa amayi apampando a mphakati wathu, mayi wachikulire wosakonda zotaya nthawi. Anthu anabwera ambiri kuposa masiku onse, moti mikeka inaperewera. Poyamba panali zii. Ife tinazolowera kuti za mpingo zimachokera kwa akuluakulu, ife n'kungoyankha kuti tamva, ndiye kufunsidwa maganizo kunkaoneka ngati msampha. Koma atayamba mmodzi, zinakhuthuka. Abambo anadandaula kuti wansembe timamuona kamodzikamodzi, ndiponso kuti denga la tchalitchi likudontha pamene pamakhala kwaya. Amayi anafunsa chifukwa chake m'makomiti iwo amangopatsidwa zophika, nkhani zenizeni n'kumakambidwa iwo ali kumoto. Achinyamata anati maulaliki amatalika. Ine ndinkalemba, bolopeni ikuthamanga, mtima uli m'malo.

Dzuwa litapendeka, apampando anafunsa ngati pali wotsala. Ndinali nditayamba kale kutseka kope pamene ndinamva kutsokomola kumapeto kwa mkeka wa amayi. Anali apongozi. Anakhala cham'mbali monga mwa masiku onse, nkhope italoza kunkhokwe, ndipo analankhula kwa apampando ngati ine palibe.

"Muwauze alembiwo alembe izi," anatero. "Ine sindikupempha kulandira, ayi. Lamulo ndikulidziwa, ndipo m'banja muja ndinalowa ndikuona. Changa n'chimodzi. Dzina ili mumatitchula, lakuti ogwa, lichoke. Munthu wogwa amakhala ali pansi, eti? Ine Lamulungu lililonse ndimadzuka, ndimayenda ndi miyendo yangayi mpaka kutchalitchi, ndimasesa, ndimakugwirirani ana. Kodi ndinagwera pati? Ndipo ngati ndinagwadi, inu oimanu mwakhala mukungondidutsa zaka zonsezi? Tsono akuti tiyendere limodzi. Wogwa ayenda nanu bwanji? Mundipezere dzina lina, lililonse. Ndikadzafa musadzanene kuti tikuika wogwa."

Amayi ena anaweramitsa mitu, wina n'kumasewera ndi kamtengo pansi. Sindinali nditawamvapo apongozi akulankhula mawu ambiri chotero nthawi imodzi. Apampando anati, "Alembi, mwamva?" Ndinati ndamva, ndipo ndinalembadi, liwu ndi liwu, tsamba lathunthu. Pamenepa pokha ndilibe mlandu.

Mlandu unayamba Loweruka m'mawa, nditakhala m'chigafa ndi fomu ya ku parishi. Fomuyo inali ya masamba awiri, pamene zonena za anthu zinali zambiri, choncho ndinayenera kufupikitsa. Ndinagawa mitu monga ndimachitira: maganizo a abambo, maganizo a amayi, maganizo a achinyamata. Nditafika pa tsamba la apongozi ndinaliwerenga kawiri. Ndikanena kuti malo anachepa likhala bodza, chifukwa kudontha kwa denga ndinakupatsa mizere isanu. Zoona zake n'zakuti ndinachita mantha, ndiponso manyazi. Chaka chimenecho kunali masankho a khonsolo ya parishi, ndipo dzina langa linkamveka. M'maganizo mwanga ndinaona bambo mfumu, wansembe wathu uja, akuwerenga, n'kufunsa kuti mayi wolankhula chonchiyu ndani, wina n'kuyankha kuti ndi mpongozi wa alembi omwewo. Ndinaopa kuti anthu anena kuti mkamwini wapezerapo mwayi pa kalata ya Papa kuti akonze za kuchikamwini kwake. Ndinaonanso kuti mawu aja anali akuthwa, ndipo ine ndinkakhulupirira kuti kwa ansembe kumapita mawu osalala okhaokha.

Choncho ndinakonza. Ndinalemba mutu wachinayi, "Maganizo a akhristu ogwa", ndinajambula mzere pansi pake ndi rula, n'kulemba chiganizo chimodzi: "Akuthokoza mpingo ndipo akupempha kuti tiziwapempherera." Chiganizocho ndinachipeka ndikudziwa. Koma mutuwo sindinauone n'komwe, dzanja linangolemba liwu limene linazolowera. Mpaka lero sindidziwa choipa kwambiri n'chiti pa ziwirizi. Mayi anapempha chinthu chimodzi chokha, ine ndinamva, ndinalemba, kenako n'kutenga pempho lawo kuliika pansi pa dzina lomwe ankakanalo.

Mkazi wanga anabwera ndi madzi akumwa, n'kuima pakhomo pa chigafa.

"Za amayi zija mwalemba?"

"Ndalemba," ndinatero, n'kupinda pepalalo.

Ndinkaganiza kuti fomuyo ilowa mu envelopu, ipita ku parishi, basi yatha. Koma Lamulungu, mapemphero atatha, akatekisiti anati popeza nkhani ndi yoyendera limodzi, mlembi aliyense awerenge lipoti lake pamaso pa anthu lisanapite, kuti eni mawu avomereze. Alembi a miphakati ina anawerenga, ena modumphadumpha, ine n'kumawamvera chisoni. Itafika nthawi yanga ndinaima kutsogolo, ndinakonza kolala, n'kuyamba. Ndimawerenga bwino, zimenezo ngakhale amene sindimwerana nawo madzi amavomera. Za abambo zinadutsa, za amayi anthu anaombera m'manja, za achinyamata anaseka. Maso anga anatsikira pa mutu wachinayi, ndipo pamenepo mpamene ndinauona koyamba mmene unalili.

Ndikanatha kuudumpha. Ndikanatha kunena kuti pepani, apa ndinalakwitsa, ndiwerenge za m'kope, pakuti kopelo linali m'thumba la jekete. Panali kanthawi kokwanira kumeza malovu. Ndinameza, n'kuwerenga mmene ndinalembera, mokweza momwe muja, kuti zimveke mpaka benchi yomaliza.

Nditakweza mutu, apongozi anali akundiyang'ana, osati cham'mbali koma m'maso, mwana wa eni ake ali pamiyendo pawo. Chilowereni ine m'mudzi muno anali asanachitepo zimenezo. Sanakwinye nkhope. Ankangondiyang'ana ngati akufuna kuidziwa bwino nkhope ya munthu amene akhala akumupatukira panjira. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti mwana wanga wamkazi woyamba anatengera maso a agogo ake. Akatekisiti anafunsa ngati mphakati wathu ukuvomereza lipotilo. Anthu amene anamva ndi makutu awo zimene mayiyo ananena anayang'ana pansi, n'kuyankha chapansipansi kuti tamva. Fomu inalowa mu envelopu.

Kunyumba ndinkayembekeza phokoso, koma silinabwere. Mkazi wanga anaphika, tinadya, sanatchule kanthu. Mawa lake, akutola mbale, anati, "Amayi akuti ndikuuzeni kuti mumawerenga bwino." Ndikanakonda akananditukwana. Panjira apongozi anapitiriza kupatuka ndi kunjuta, kutchalitchi anapitiriza kusesa. Kangapo ndinaganiza zokapepesa, koma ndinkadziuza kuti mkamwini sangakagogode pakhomo pa mpongozi amene sayang'anana naye. Ndinabisala kuseri kwa mwambo umenewo, ndipo unandibisa bwino. Nditagulitsa fodya ndinagula chitenje ku Nsaru n'kutuma mkazi wanga kuti akapereke. Yankho linabwera lakuti zikomo, koma chitenjecho sindinawaone atavala. Ku khonsolo anandisankha, ndipo anthu anandigwira chanza.

Mvula ya chaka chotsatira itayamba, apongozi anadwala chifuwa. Tinawatengera kuchipatala ku Kabudula. Ndikapita kukazonda ndinkaima pakhomo pa wodi, monga mwa ulemu wathu uja, mkazi wanga n'kumanyamula moni uku ndi uku. Tsiku lina anatuluka ndi uthenga wautaliko.

"Akuti musamawonde ndi nkhani ija," anatero, akuyang'ana pansi. "Akuti akudziwa, pepala linali laling'ono."

Bodza limene ine ndinkachita nalo manyazi kudziuza ndekha, iwo anandipatsa kuti ndifunde. Bedi lawo linali pafupi, ndikanangoyenda mapazi ochepa n'kugwada. Ndinati muwauze zikomo, ndipo ndinakwera njinga kubwerera kumudzi. Patapita masiku awiri anamwalira, m'mawa, mwana wawo akuwamwetsa phala.

Tsiku loika maliro ife a komiti ya tchalitchi tinakhala pambali pa siwa kukambirana mmene mwambo uyendere. Kwathu kuno maliro a munthu wa pa tsamba lija amakhala ofupika. Timapemphera pang'ono, koma amayi savala zitenje za mpingo, mtanda sutsogola, ndipo nyimbo zimakhala zochepa. Bambo wina wa komiti anati, "Alembi, tsegulani kope tione pamene malemu anali." Aliyense ankadziwa pamene anali, koma nkhani zotere timafuna zichokere m'kope kuti pasakhale wonena kuti ndi iye waweruza. Ndinalitulutsa. M'malo motsegula kumapeto ndinatsegula tsamba la Lachinayi lija n'kuwerenga lonse, mpaka pa mawu akuti musadzanene kuti tikuika wogwa. Ulendo uno sindinawerenge bwino.

Akatekisiti anafunsa mosakalipa kuti zimenezi zinanenedwa liti. Ndinawauza.

"Nanga bwanji sizinafike?" anatero. "Bambo mfumu atawerenga malipoti aja anayendera miphakati imene osalandira anadandaula. Anakhala nawo pansi m'nyumba zawo, kuwamvetsera, odwala n'kuwapempherera. Za kwanu kuno anati anthu ake akungothokoza, palibe chofulumirira." Anayang'ana kopelo, n'kuyang'ana ine. "Ndinanena kuti musakonze, alembi."

Ndinkadziwa kuti bambo mfumu anayenda m'miphakati ina chilimwe chija, koma chifukwa chake sindinafunse, mwinanso sindinkafuna kudziwa. M'mtima mwanga ndinkayesa kuti mapepala aja ndi ongokasunga m'kabati, palibe amene adzawerenge. Ndine ndinkadandaula m'misonkhano kuti akuluakulu samva za ife anthu wamba. Koma apa wansembe anali atatchera khutu, ndipo mawu a mayiyo anathera m'chigafa changa, kufupi ndi khomo lawo lomwe.

Tikadali pomwepo tinamva nyimbo kuchokera kumsewu. Anali amayi a mphakati wathu ndi a miphakati ina, atavala zitenje za mpingo, apampando ali patsogolo atanyamula mtanda umene anakautenga okha kutchalitchi. Sanadikire komiti. Ambiri anali ndi ana kumbuyo, ena ana awo ndi aakulu kale koma anadutsa pamiyendo yomwe ija. Anatidutsa osapatuka, n'kulowa m'siwa akuyimba nyimbo imene malemu ankakonda kuyambitsa. Bambo wa komiti uja anati, "Kodi izi tavomereza?" Akatekisiti anaimirira, anasasa fumbi pabuluku, n'kutsatira amayiwo. Ifenso tinatsatira.

Kumanda mbiri ya malemu anandipatsa ine, poti mlembi ndine. Ndinanena kuti anabatizidwa ali mtsikana, anasesa tchalitchi zaka zonse, anagwira ana a mpingo wonse. Liwu lija sindinalitchule, ndipo palibe analitchula. Amuna awo osaona aja anakhala pampando pafupi ndi dzenje akumvetsera nyimbo, mkazi wawo wamkulu atawagwira dzanja. Anthu pobwerera ankati maliro ayenda bwino, ena n'kumandiyamikira kuti mbiri ndaifotokoza mwaulemu. Kuyamikira kumeneko kunandiwawa, chifukwa mwini pempho sanamve chilichonse cha izo. Chomaliza chonena za iwo chimene anamva kuchokera kutsogolo kwa tchalitchi chinali mutu wachinayi uja, m'mawu a mkamwini wawo.

Patapita sabata ndinatsegula tsamba lakumapeto kuti ndikhwatche dzina lawo, monga timachitira munthu akamwalira. Dzinalo ndinalisiya, n'kukhwatcha mutu wa pamwamba uja. Pansi pake pali mayina ena a anthu amoyo, ndipo pamsonkhano wotsatira ndinafunsa eni ake kuti tilembepo chiyani. Mpaka lero sitinagwirizane. Wina akuti tilembe "Odikira", wina akuti odikira chiyani, wina akuti tsambalo ling'ambidwe, mayina asakanizidwe ndi a onse. Misonkhano yake imatalika, ndipo nthawi zina mutu umandiwawa. Pamwambapo pakadali popanda kanthu, ndipo zimene aliyense wanena ndimamuwerengera asanachoke.

Misa yoyamba chimwalirireni iwo ndinafika mochedwa dala, n'kukhala pa benchi yomaliza, pafupi ndi khomo. Pansi panali masamba owuma amene mphepo inalowetsa, wosesa anali asanapezeke. Itakwana nthawi yolandira, mayi wina wachitsikana anadzuka n'kubwera chakumbuyo akumasula mwana monga anazolowera, maso ali pa mfundo ya mbereko. Atafika pabenchipo anakweza mutu n'kupeza pali ine. Anaima, mwana ali m'manja, osadziwa pomuika.

"Alembi, kodi inu simulandira lero?"

"Pitani," ndinatero, n'kutambasula manja. "Ndikugwirirani."